Miyendo ya kuchigwa cha Shire pa msewu wa Golodi: zomwe zinakambidwa pa gulu lathu

Nachisale (Ngabu): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwerako kumpoto kuja, ndafika dzulo usiku. Amene munandituma mpunga wa Kilombero mubwere mudzatenge nokha, ine miyendo yakana. Potsika pakhonde ndikuchita kutsika chafutambuyo ngati nkhalamba.

Kabaza Dyeratu: Takulandirani achemwali. Koma munati mukupita ku chinkhoswe. Kapena kunali nkhondo?

Nachisale (Ngabu): Iwe usandiseke. Chinkhoswe chinayenda bwino, chinali kufupi ndi Chitimba, m'mbali mwa nyanja. Mawa lake alamu anga akuti simungabwere kuchokera ku Ngabu konse kuja n'kubwerera osaona mathithi a Manchewe. Ndinafunsa kuti ndi kutali? Akuti "pafupi waka". Abale anga, Mtumbuka akakuuzani kuti pafupi waka, phikani kaye nsima mudye, ina mumange pa mpango.

Mkamwini wa ku Rumphi: Hahaha! Mayi, sanakunamizeni. Kwa ife ndi pafupi ndithu. Ana asukulu amatsika ndi kukwera pamenepo.

Atsibweni a ku Bangula: Ndiye mwayenda wapansi kukaona madzi? Madzi enieniwa? Ife kuno timawathawa, inu mukuwalondola mpaka ku Rumphi.

Nachisale (Ngabu): Atsibweni dikirani ndifotokoze kaye. Sikuti ndinafuna wapansi. Pa mphambano ya Chitimba pamaima timagalimoto ta matola topita ku Livingstonia, koma sitinyamuka tisanadzaze. Tinakhala kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 8, anthu anayi okha. Anyamata a njinga zamoto anabwera kudzatinyengerera. Ndinangokweza maso kuona phiri lija, ndi kuona njinga, n'kuti ayi, ana anga akadali aang'ono. Alamu anga ndi mtsikana wawo anati tiyeni tiziyenda, galimoto ikatipeza m'njira. Inatipezadi, koma titatsala pang'ono kufika, itadzaza mpaka anthu ena atakhala pa matumba a ufa.

Kabaza Dyeratu: Mwatinyoza a njinga pamenepa.

Nachisale (Ngabu): Iwe umapalasa pa Dyeratu pamene pali see ngati mphasa. Kumeneko msewu ndi wamiyala, wopindika ngati njoka yomenyedwa. Amautchula kuti Golodi. Makona ake 20, ndipo kona ina galimoto imayamba yabwerera m'mbuyo kuti ikhote bwino. Kumbali kuli phompho loti ukaponya mwala sumva pamene wagwera.

Mkamwini wa ku Rumphi: Kuchokera pa Chitimba kukafika ku Livingstonia ndi makilomita pafupifupi 15. Mathithi mumawapeza musanafike, pamatsala makilomita ngati 4. Ndiye mayi mwayenda 11 basi. Chovuta si kutalika, ndi kukwera. Kuchoka pa nyanja kufika pamwamba mumakwera mamita oposa 700.

Aphunzitsi Opuma (Chikwawa): Pamenepo ndiye pali nkhani. Kumunsi kwa Nsanje, pamene Shire amatuluka m'dziko muno kulowa ku Mozambique, ndi malo otsika kwambiri m'Malawi yense, mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu wobadwira kuno akhoza kupalasa njinga kuchoka ku Nchalo mpaka ku Bangula osatsikapo kuti akankhe. Miyendo yathu inazolowera mtunda wautali, koma sinaphunzire chitunda. Mwana wanga Nachisale, zimene zikukupwetekazo ndi akatumba ndi ntchafu, eti?

Nachisale (Ngabu): Ndendende aphunzitsi. Ndipo chodabwitsa, pokwera ndinkangopuma wefuwefu koma ululu panalibe. Ululu unabwera potsika tsiku linalo. Mawondo ankachita kunjenjemera okha.

Koma ndikuuzeni za nsapato, mwina wina aphunzirepo. Ine ndinanyamula nsapato za chinkhoswe zazitali zija ndi patapata basi. Ndiye ndinakwera ndi patapata. Pali tinjira tachidule timene eni dera amadutsa podula makona, toongoka ngati makwerero. Pa kachidule kachiwiri lamba wa patapata wakumanja anangoti thu. Ndinakhala pamwala ndikufuna kulira. Mtsikana wa alamu anga, wa Fomu 2, anatola kawaya m'mbali mwa msewu, n'kubowola kamutu ka lamba kaja, n'kupinda kawayako pansi. Inagwira. Koma kawayako kankandibaya pa chala chachikulu pa sitepe iliyonse, moti pofika pamwamba panali thuza lalikulu ngati nzama.

Ndili pamwala pomwepo anatidutsa agogo ena, tsitsi lonse mbuu, dengu la nthochi pamutu, akutsika. Opanda nsapato. Anandiyang'ana n'kuti "Monire mama, pachoko pachoko." Ine manyazi. Ndimadzitama kuti ndimayenda kukagula mbuzi mpaka kumidzi ya kumalire, koma tsiku limenelo ndinaona kuti ndine mwana.

Make Tadala (Makhanga): Pepani asisi. Koma inu ndi olimba mtima.

Atsibweni a ku Bangula: Sindinamvebe chimene munakaona. Mwatiuza za thuza.

Nachisale (Ngabu): Ndikubwera atsibweni, bandulo isakuthereni. Tinafika cha m'ma 12 koloko. Polowa pamalipiridwa kangachepe, ndipo pali anyamata a pamudzi pomwepo amene amakuperekeza. Choyamba amakufikitsa pamalo poonera, m'mphepete mwa phompho. Ukaima pamenepo madzi amaoneka akugwa kutsidya, oyera ngati ufa woyera ukukhuthulidwa m'thumba, kugwera m'chigwa chodzaza mitengo yobiriwira bii. Pansi pake sumaonapo, pamangotuluka nthunzi. Ukatembenuka, kutali uko, nyanja yonse ili ndandanda. Ine ndinagwira mtengo ndi manja awiri. Chizungulire.

Mkamwini wa ku Rumphi: Mamita 125 amenewo mayi. Palibe mathithi ena aatali kuposa amenewa m'Malawi muno.

Kabaza Dyeratu: 125 ndiye kutalika bwanji? Tiuzeni m'Chichewa.

Aphunzitsi Opuma (Chikwawa): Tenga bwalo la mpira, uliimike chilili, uwonjezere pang'ono pamwamba.

Kabaza Dyeratu: Eee. Basi ndakhala pansi.

Nachisale (Ngabu): Kenako mnyamata uja anati tiyeni kuphanga. Kanjira kake n'kotsetsereka, konyowa, ukugwira mizu ya mitengo. Patapata ndinavula n'kuika m'chikwama, chitenje ndinachimanga m'chiuno ngati ndikupita kodula bango. Umayenda chammbali, msana utatsamira thanthwe, mpaka umapezeka uli kuseri kwa madzi. Madzi akugwa kutsogolo kwako, iwe uli m'kati. Miyala yake ili ndi ndere, yoterera, yozizira ngati yatuluka mufiriji. Mawu a mnzako sumawamva ngakhale ali pambali pako, umangoona pakamwa pakuyenda. Mkokomo wake sumaumva m'makutu mokha, umaumva m'chifuwa. Mnyamatayo anatiuza kuti kale Aphoka, eni mapiri amenewo, ankabisala m'mapanga amenewa pothawa nkhondo ya Angoni. Ndinaganiza za mayi ali ndi khanda kumbuyo akutsika kanjira komwe kaja usiku. Mwana ngakhale alire, ndani angamumve ndi phokoso limenelo?

Make Tadala (Makhanga): Asisi, mundikhululukire, koma pamene mwanena za mkokomo wa m'chifuwa thupi langa lachita tsembwe. Ine phokoso limenelo ndimalidziwa. Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, tinalimva usiku lisanafike. Ruo akabwera ndi mkwiyo amayamba walira kutali ngati sitima. Tinathawa ndi ana ndi zovala za m'thupi zokha, mbuzi zonse zinapita. Mpaka lero mvula ikagunda pa malata usiku Tadala amadzuka n'kukhala tsonga. Ndiye kuti ndilipire thiransipoti kukamvanso zomwezo, ine ayi. Sindikunyoza ulendo wanu, ndikungonena za mtima wanga.

Atsibweni a ku Bangula: Mwamva? Ndi zimene ndimanena ine. Nkhabe. Madzi si chinthu chokaonera.

Mlembi wa Gulu: Tiyeni tilankhule mofatsa apa, nkhani ya Make Tadala si yoseketsa. Ambiri pa gulu lino tinagona m'misasa chaka chimenecho.

Nachisale (Ngabu): Make Tadala, mwanena zoona, ndipo sindikubisirani. Nditangolowa kuphanga kuja miyendo inauma. Ndinakumbuka 2015, madzi atalowa kwa amayi anga. Ndinafuna kubwerera. Mtsikana uja ndiye anandigwira dzanja.

Koma pali chinthu china chimene ndakhala ndikuchiganiza m'basi monse. Titatuluka tinakwera kumtunda kwa mathithi, kumene mtsinjewo umayenda usanagwe. Abale, ndi kamtsinje. Shire atakaona akhoza kuseka. Madzi oyera mbee, miyala ya pansi ukuiwerenga. Ana ankasamba, amayi ena akuchapa. Ine ndinaima patali ndi madzi monga tinaleredwera, maso ali pa udzu wa m'mbali, ndikufunafuna mwala woti ndiponye kaye. Alamu anga anandifunsa kuti mukuyang'ana chiyani? Ndinati ng'ona. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti ng'ona ingakwere bwanji Golodi, ilipira matola?

Ndiye ndinagwada, n'kuviika manja onse awiri, n'kusamba kumaso. Ndinaika phazi la thuza lija m'madzi, ndinakhala pamwala mwina theka la ola, msana nditaulozetsa kumadzi nthawi zina. Ndili ndi zaka 41. Chibadwire sindinakhalepo m'mbali mwa mtsinje mtima uli m'malo. Kwathu ukamatunga, diso limodzi lili pa ndowa, lina pamadzi. Tsiku limenelo ndi loyamba. Ngati mukufunsa chimene ndinakaona, atsibweni, ndi chimenecho. Mathithi ndi okongola, inde, koma chimene ndabwera nacho ndi kamtsinje kaja.

Make Tadala (Makhanga): Mmm. Pamenepo ndiye mwandigwira. Mtsinje wopanda ng'ona.

Kabaza Dyeratu: Ine ndikanaponyabe mwala. Za ng'ona sizidziwika.

Aphunzitsi Opuma (Chikwawa): Ndiloleni ndiwonjezere kanthu, poti ukalamba ndi kulongolola. Madzi amene unasamba kumaso aja amatsikira m'nyanja. Ndipo nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ku Mangochi, ndiye Shire ameneyu. Amadutsa Malombe, Liwonde, n'kuyamba kugwa m'mathithi a Nkula, Tedzani, mpaka Kapichira, kenako n'kufika pa mlatho wa Kamuzu pano, n'kumwazika m'dambo la Elephant Marsh. Ndiye mwina tsiku lina madzi omwewo adzakupeza ku dimba.

Ndipo ubale wathu ndi Livingstonia sunayambe ndi chinkhoswe chanu. Mu 1859 David Livingstone anakwera Shire ndi sitima yake yotchedwa Ma Robert, koma atafika pa Kapichira anakanika kupitirira chifukwa cha mathithi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Robert Laws, anabwera njira yomweyo ndi sitima ya Ilala yoyamba ija. Atafika pa mathithi anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana a kuchigwa kuno, m'nthawi ya mafumu a Chimakololo, anasenza zitsulozo pamutu, wapansi, kulambalala mathithi onse mpaka kumtunda kumene mtsinje umayendanso bata. Kumeneko anailumikizanso, n'kukalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Anayamba kumanga ku Cape Maclear, malungo anawasautsa, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 anakwera phiri la Khondowe kumene kuli Livingstonia lero. Ankathawa udzudzu. Ndiye amene mukuti miyendo ya kuchigwa ndi yofooka, makolo athu anasenzapo sitima.

Atsibweni a ku Bangula: Takhuta aphunzitsi. Imeneyo ndiye mfundo. Iwo anasenza sitima, mdzukulu wawo walephera patapata.

Nachisale (Ngabu): Atsibweni inu!

Mkamwini wa ku Rumphi: Aphunzitsi mwaitha mbiri yakwathu kuposa ine mwini. Koma mayi Nachisale, mwafika pa Manchewe osapitirira ku mishoni? Mwasiya Stone House, nyumba ya Laws ija, imene pano muli zinthu zakale zoonetsa anthu? Mwasiya tchalitchi? Pali ngakhale malo amene mu 1959, nthawi ya chipwirikiti, ndege ya boma inaponya uthenga kufunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuwachotsa, iwo n'kuyankha pondandalika miyala pansi kulemba Aefeso 2:14, kuti a m'ndege awerenge. Zonsezo mwazisiya pa makilomita 4.

Nachisale (Ngabu): Alamu, makilomita 4 akwanuwo ndawadziwa tsopano. Ndinagona kwa achibale a alamu anga kufupi ndi mathithi komweko. Ndipo za kuzizira musandiyambitse. Julaye. Ine ndinanyamula kajuzi kamodzi kamene ku Ngabu ndimavala kawiri pa chaka. Anandifunditsa mabulangete awiri ndi chitenje pamwamba, mano akungogundana. M'mawa madzi osamba ndinangowayang'ana n'kuwapepesa.

Mkamwini wa ku Rumphi: Kumeneko sikuzizira. Mukapite ku Nyika, ku Chelinda, mu Juni kapena Julaye, mukaone udzu utayera ndi chisanu m'mawa. Kumenekonso kuli mathithi ena, a Chisanga, pa mtsinje wa North Rukuru. Galimoto imakusiyani pamsewu, kotsalako n'kutsika wapansi m'nkhalango. Koma ndi m'paki, simungangolowa ngati kumunda kwanu.

Atsibweni a ku Bangula: Nyika ife timadya. Chaka cha njala timakazula m'dambo pa bwato, n'kuphika. Inu mwaisandutsa phiri?

Kabaza Dyeratu: Hahaha atsibweni mwandipha!

Mkamwini wa ku Rumphi: Zaka 9 ndili ku Nchalo, nyika yanuyo ndinailawa kamodzi. Tisakambe zambiri, ndine mkamwini.

Mlembi wa Gulu: Popeza nkhani yafika apa, ndifunse. Ndi angati pa gulu lino amene anafikapo pa Kapichira? Osati kumva pa wailesi magetsi akazima, koma kuima n'kuona ndi maso.

Kabaza Dyeratu: Ndinakasiyako kasitomala ku geti la Majete, paki imene muli mathithiwo. Mkati sindinalowe.

Make Tadala (Makhanga): Ine ayi.

Nachisale (Ngabu): Ine ndichite manyazi, ayinso. Ndipo alamu anga kumpoto anandifunsa zomwezo. Akuti kwanu kuli Kapichira, ndi wotani? Ndinangoti ndi wamkulu.

Aphunzitsi Opuma (Chikwawa): Ine ndinapitako ndi ana asukulu kalekale damu lisanamangidwe, ndipo ndinapitanso litamangidwa. Si wamtali ngati Manchewe, musayembekezere zimenezo. Kapichira ndi mphamvu. Shire yense amapanikizika pakati pa miyala yakuda n'kumachita thovu. Koma masiku ano madzi ambiri amapatutsidwa kupita ku makina a magetsi, ndiye m'chilimwe mukhoza kupeza miyala yambiri kuposa madzi. Paja namondwe Ana atawononga damu lija mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, mukukumbuka mdima uja. Kulinso mathithi a Zoa pa Ruo, mbali ya Thekerani, kwa amene ali ku East Bank ndi kufupi.

Atsibweni a ku Bangula: Ndiye bwanji osayamba ndi zakwathu? Ku Manchewe ndi makilomita oposa 800. Minibasi mpaka Blantyre, basi ya usiku mpaka Mzuzu, ina ya ku Karonga mpaka Chitimba. Ndalama imeneyo ndi mbuzi zingati, Nachisale, poti ndiwe wa mbuzi?

Nachisale (Ngabu): Kupita ndi kubwera, ndi kudya m'njira, mbuzi ziwiri zabwino zinapita. Sindinama. Koma ine ndinali ndi chifukwa china chopitira. Kungonyamuka kukaona mathithi okha, nanenso ndikanaganiza kawiri.

Komabe atsibweni, Kapichira ndi Shire yemweyu. Ndikapita ndikaimanso patali, maso pa udzu. Si zofanana.

Make Tadala (Makhanga): Ndi zimene ndimaganiza inenso. Asisi, kamtsinje kaja ana angathe kulowamo? Tadala ali ndi zaka 10.

Nachisale (Ngabu): Kumtunda kwenikweni, kutali ndi pogwera, ana akumeneko amasamba. Koma kufupi ndi phompho ayi ndithu, miyala ndi yoterera ndipo ukaterereka palibe chokugwira. Mwana umugwire dzanja osamusiya. Kuphanga ndiye sindingamutengere wa zaka 10.

Mkamwini wa ku Rumphi: Ngati mukuganiza zopita ndi ana musakwere Golodi wapansi. Pali msewu wina wa tara wochokera mbali ya Rumphi, wodzera ku Njakwa, galimoto imafika bwinobwino ku Livingstonia, kuchoka apo n'kutsikira ku mathithi. Ndipo musapite nthawi ya dzinja, tinjira timaterera koopsa. Meyi kapena Juni ndi bwino, mvula itasiya koma madzi akadali ambiri. Mukachedwa mpaka Okutobala mukapeza atachepa. Akuluakulu ofuna wapansi, nyamukani pa Chitimba kusanache, chifukwa kumunsi kunyanja dzuwa limaotcha pafupifupi ngati kuno. Madzi akumwa botolo lalikulu aliyense. Chinangwa chophika kapena nthochi m'chikwama. Mawu atatu okha a Chitumbuka muphunzire: monire, muli uli, yewo. Mukadutsa munthu osapereka moni adzadziwa kuti si inu anthu.

Kabaza Dyeratu: Ndipo "pafupi waka" tizimva kuti mawa.

Nachisale (Ngabu): Ndi kondowole mukonzekere. Ine ndinameza ntongo woyamba ngati ndikumeza mpira, koma ndi usipa wauwisi wa pa Chitimba ndinapempha ina.

Mlembi wa Gulu: Chabwino. Maganizo anga ndi awa, mutsutse ngati mukufuna. Mwezi wamawa, Loweruka loyamba, tipite ku Kapichira, tisonkherane ya minibasi imodzi. Ine ndifunsa ku geti la Majete za mtengo wolowera kwa ife a m'dziko muno, ndidzaika pano. Za Manchewe tiyambe kuponya pang'onopang'ono ngati banki m'khonde, tione ngati pofika Meyi zingatheke. Amene akufuna alembe dzina.

Aphunzitsi Opuma (Chikwawa): Kapichira ndilembeni. Manchewe mawondo anga anapuma pamodzi ndi ine, pokhapokha pa msewu wa Njakwa uja. Koma achinyamata amene mukufuna Golodi, yesani kaye pano. Tsikani minibasi pa Thabwa, mukwere chitunda cha ku Blantyre chija wapansi mpaka pamene mumaonera chigwa chonse. Mukafika osakhala pansi katatu, mwakhoza mayeso.

Kabaza Dyeratu: Ine chitunda chimenecho ndimachitsika ndi matumba awiri a makala.

Nachisale (Ngabu): Kutsika. Tamvani, akuti kutsika.

Make Tadala (Makhanga): Kapichira ine ayi, mundimvetse. Koma ku Manchewe ndilembeni pensulo, ine ndi Tadala. Ndiyamba ndaona mmene chimanga cha kudimba chichitire.

Atsibweni a ku Bangula: Ine sindikupita kukaona madzi. Koma ngati minibasi ya ku Kapichira ili ndi malo, mundisungire wakutsogolo, wina ayenera kukuyang'anirani ana inu. Nachisale, mpunga wanga uja ndituma mnyamata Lachitatu pa tsiku la msika.

Nachisale (Ngabu): Atume ndithu. Ndipo amene ali ndi nsapato za tenesi saizi 6 zimene sakuvala andiuze mtengo. Patapata ija ndaipachika pa msomali, kawaya kali pompo.